Gumbagumba ya Malemu Bambo Ikung'ung'udza

Makalata anali asanu ndi awiri madzulo amenewo. Ena analembedwa pa mapepala othothola m'kope la mwana wa sukulu, ena anafika ngati mauthenga a pafoni ndipo muulutsi anachita kuwakopera pa pepala limodzi. Kunja chifunga chinali chitatsika kale m'phiri la Dedza, cha mu Juni chija chimene chimalowetsa anthu m'nyumba dzuwa lisanalowe bwino. Amisiri a mawailesi, amene amabwera pa pulogalamu ya pa wailesi yoyankha makalata a omvera Lachinayi lililonse, analowa atavala majekete awiri ndi chipewa choluka, m'manja muli kajumbo kolira gobedegobede. Muulutsi, mtsikana wobadwa makaseti atayamba kale kutha, anafunsa chimene chinali m'kajumbomo.

"Mitembo ya sabata ino, achemwali," anatero bambowo akukhala pansi. "Tiiona nthawi ikakwana. Werengani."

Kalata yoyamba inali ya bambo wina wa ku Linthipe, wodandaula kuti wailesi yake ya miyala imachita khwekhwerekhwe akamapotokola kokwezera mawu. Amisiri sanadikire n'komwe kuti ithe. Anati limenelo ndi fumbi losakanikirana ndi utsi wa nkhuni, ndipo mankhwala ake ndi aja opopera a m'chitini otsukira zipangizo zamagetsi: kupopera pang'ono, kupotokola uku ndi uku kakhumi, basi. "Mafuta ophikira ayi, palafini ayi. Ndinanena sabata yatha, ndidzanenanso sabata ya mawa."

Mayi wa ku Mayani anapeza ufa woyera ndi dzimbiri m'malo moika miyala. Anauzidwa kuti apale tizitsulo timeneto ndi sandipepa mpaka tiwale, ndipo tsiku lina akadzafuna kusunga wailesi kwa mwezi wathunthu adzayambe wachotsamo miyala. Mnyamata wa ku Golomoti, amene ampulifaya yake imalira ngati mavu akailumikiza ku inveta ya sola, analangizidwa kuti akaiyese m'nyumba ya magetsi a ESCOM. Ikakakhala chete kumeneko ndiye kuti ilibe mlandu, chifukwa mainveta otsika mtengo amatulutsa magetsi odumphadumpha, ndipo thiransifoma ya m'kati imadandaula nawo.

Kenaka muulutsi anatambasula kalata yachinayi, ya masamba awiri, yolembedwa mwaudongo ndi dzanja la mphunzitsi. Inachokera ku Bembeke.

"Bambo anga anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo pobwera komaliza anabwera ndi gumbagumba ya Pioneer, ya nkhope yasiliva, ndi masipika awiri aatali ngati mwana wa sitandade 1. Kwathu kunalibe magetsi. Ankaiimba pa Khirisimasi pokha akabwereka jenereta, ndipo chimwalirireni iwo yakhala pamwamba pa wadiropu zaka zoposa 20. Chaka chino magetsi afika. Tinaitsitsa, kuipukuta, n'kuiyatsa. Nyali zake zinayaka, koma m'masipika onse awiri munkangomveka kung'ung'udza, mmmm, ngakhale titatsitsa mawu mpaka pansi. Patapita mphindi zochepa tinamva fungo, kenaka zii. Mwana wa aneba anatsegula n'kupeza fyuzi itapsa, ndipo akuti tiikulunge ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu kuti tiyesenso. Kodi titero?"

Amisiri anavula chipewa. "Aphunzitsi, ngati mukumvera, dzukani pomwe mwakhalapo, mukazule pulagi kukhoma. Ndikudikirani." Ndipo anadikiradi, mpaka muulutsi anayang'ana nyali ya maikolofoni kuti aone ngati ikuyakabe. Omvera akale a pulogalamuyi amadziwa kuti kalata yotere ikapezeka, makalata otsala aja alowa m'mavuto.

Anayamba ndi chitsanzo cha mjigo, monga amachitira nthawi zonse. Munthu akamapopa, madzi amatuluka phwa, phwa, phwa, motsatira dzanja. Koma mukatchera ndowa yokhala ndi kabowo pansi, madzi amalowa modukiza n'kumatuluka pa kabowopo mosadukiza. Magetsi a ESCOM amafika pakhoma ali mavolti 230, akupita uku ndi uku ka 50 pa sekondi imodzi. Thiransifoma imawatsitsa, madayodi anayi amawawongola kuti aziyenda njira imodzi, koma amatulukabe ngati madzi a pa mjigo, mafunde 100 pa sekondi. Ndowa yake ndi makapasita aakulu aja ooneka ngati zitini, oima pafupi ndi thiransifoma. Akakhala amoyo, nyimbo imamwa magetsi osalala. Akauma, mafunde aja amadutsa mpaka ku sipika, ndipo khutu limawamva ngati njuchi yaikulu yotsekeredwa m'bokosi.

Anawayamika aphunzitsiwo chifukwa cholemba zinthu ziwiri zimene ena amaiwala: kuti phokoso lili m'masipika onse awiri, ndiponso kuti silitsika mawu akatsitsidwa. Zizindikiro zimenezo zimaloza ku gawo lopereka magetsi. Kung'ung'udza kumene kumakula mukamakweza mawu, kapena kumasintha mukagwira waya wa galamafoni, n'kwina. Kumeneko kawirikawiri ndi waya wa dothi womasuka kapena nthambo yothetheka, ndipo munthu atha kusintha makapasita onse n'kupeza njuchi ija ili pomwepo.

Apa m'pamene kajumbo kanatsegulidwa. Woyamba kutuluka anali kapasita wotupa pamwamba ngati mandasi. Wachiwiri anali ndi zoyera zouma m'miyendo, pamene mankhwala ake anatulukira pa mphira yotsekera. Wachitatu anali wosalala, zilembo zake zowerengeka bwino, ngati wachoka m'sitolo dzulo. "Uyu ndiye amapusitsa anyamata anga," anatero. "Kunja bwinobwino, m'kati munauma kalekale. Maso sakwanira, pamafunika mita." Wachinayi anali atamudula ndi sowo. Anasolola za m'kati mwake n'kuyamba kutambasula pafupi ndi maikolofoni kuti omvera amve: malamba awiri aatali a aluminiyamu, opyapyala, okulungidwa pamodzi ndi pepala pakati. Pepalalo limayenera kukhala lonyowa ndi mankhwala. Ili linkalira tswatswatswa ngati makoko a chimanga a mu Ogasiti, ndipo linkathetheka m'zala.

Kuuma ndi theka chabe la nkhani ya ku Bembeke. Pa lamba mmodzi pali kakhungu kosaoneka ndi maso, kamene kamatchinga magetsi kuti asadumphire ku lamba mnzake. Kakhungu kameneka kamadzikonza kokha kapasita akamagwira ntchito, koma akagona zaka zambiri kamafooka. Ndiye tsiku limene mwana wa malemu watsitsa gumbagumba pa wadiropu n'kuibaya kukhoma, magetsi onse amagwera pa kakhungu kofookako nthawi imodzi. Kapasita amayamba kudontha magetsi m'kati, amatentha, amatupa, mwina n'kugwirana malamba. Akagwirana amakoka moto wambiri kudzera m'madayodi ndi m'thiransifoma. Amisiri anayerekeza ndi munthu amene wagona m'chipatala miyezi isanu ndi umodzi, n'kumudzutsa m'mamawa kuti asenze thumba la mbatata ya kachewere kuchokera kudimba mpaka pa msewu wa M1.

"Fyuzi ija inakuchitirani chifundo, aphunzitsi. Inafa kuti thiransifoma ikhale." Mawu awo anatsika, ngati mkulu wolangiza mdzukulu amene amamukonda. Anati mwana wa anebayo asamudzudzule kwambiri, chifukwa nzeru ya pepala la ndudu anaiona kwa akuluakulu, ndipo ena mwa akuluakuluwo akumvera pompano. Ena amamanga kawaya ka kopa, ena amalowetsamo msomali. Fyuzi ndi kanthu ka ndalama zochepa, makapasita awiri munthu atha kuwapeza ku Lilongwe, koma thiransifoma ya ampulifaya ya zaka za m'ma 1970 ikapsa, palibe sitolo imene mungaipeze. Kumatsala kufunafuna wokulunganso mawaya, ndipo si onse amene amaibweza momwe inalili. Pa kachitsulo ka kumapeto kwa fyuzi pamalembedwa nambala yake, ndipo yolowa m'malo mwake ikhale ya nambala yomweyo. Ikapsanso yatsopanoyo, ndiye kuti matenda akadalipo.

Muulutsi anafunsa funso limene aliyense anali nalo: nanga wailesi yogona imadzutsidwa bwanji?

Ndi babu, anatero. Babu lakale lija lagalasi, la kawaya m'kati, la mawati 60 kapena 100. Amalilumikiza pa waya wamoto wa nthambo yopita ku wailesi, kuti magetsi ayambe adutsa m'babumo asanafike ku wailesiyo. Mukayatsa, babu limati ng'anii kamodzi pamene makapasita akudzaza, kenaka limazilala n'kutsala kofiira pang'ono. Zikatero zinthu zili bwino. Likangowala osazilala, m'kati muli chogwirana, ndipo babulo ndi limene lamwa moto umene ukanaotcha thiransifoma. Zimitsani, fufuzani. Anachenjeza kuti mababu a masiku ano opulumutsa magetsi sagwira ntchito imeneyi, ndipo kuyambira pamene anthu anawazolowera, akale aja akusowa. Iwo ali nawo asanu, anawakulunga m'nyuzipepala, ndipo ngakhale mayi a kunyumba sadziwa pamene amabisa. Anapempha omvera amene akadali nawo m'makatoni kuti asataye, akapatse mmisiri wa kwawo. Kulumikizako, anatero kawiri, ndi ntchito ya munthu wodziwa magetsi, chifukwa mavolti 230 safunsa dzina.

Kwa gumbagumba ya aphunzitsi, babu lingothandiza kuona ngati pali china chimene chapsa. Makapasita ake aakulu, malinga ndi zimene kalata yanena, ntchito yawo inatha. Ndipo apa amisiri anakhala tsonga, chifukwa kugula kapasita ndi nkhani imene amaikonda kuposa nsima ya m'mawa.

Pa thupi la kapasita pali manambala atatu. Yoyamba ndi kukula kwa ndowa, yolembedwa mu microfarad: 4,700, 6,800, 10,000 ndi zina zotero. Yachiwiri ndi mavolti amene angapirire: 35, 50, 63, 80. Yachitatu ndi kutentha, madigiri 85 kapena 105. Lamulo la mavolti ndi losavuta, kufanana kapena kukwera. Pamene panali wa 50 mutha kuika wa 63, koma mukaika wa 35 chifukwa ndi amene analipo m'sitolo, mwaika bomba m'nyumba. Kukula kwa ndowa kukhale komweko kapena kukwerako pang'ono. Pa 6,800 kuika 8,200 palibe vuto. Koma pali anyamata amene amamva kuti ndowa yaikulu imawonjezera kugunda kwa nyimbo, ndiye amaika 22,000 pamene panali 6,800. Poyatsa, ndowa yopanda kanthu imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo madayodi amene anapangidwira ndowa yaing'ono amatopa. "Mjigo wa m'mudzi mukuufuna udzaze thanki ya sukulu ya sekondale m'kamphindi," anatero.

Za kutentha anazikokera kwawo. Opanga makapasita amalonjeza maola owerengeka, kawirikawiri 2,000, pa kutentha kolembedwa pa thupipo, ndipo lamulo lodziwika pakati pa amisiri n'lakuti mukatsitsa madigiri 10, moyo wa kapasita umawirikiza kawiri. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chisanu chimene anthu amadandaula nachochi n'chimene chasunga mawailesi ambiri a kuno. Ya ku Mtakataka ndi ku Golomoti, kumunsi kwa mapiri, imakalamba msanga. Koma mwayi umenewu, anati, amayi a kuno amauwononga ndi kansalu koluka kaja. Amakayala pamwamba pa ampulifaya, pa mabowo enieni otulukira mpweya wotentha, n'kuikapo botolo la maluwa a pulasitiki ndi chithunzi cha ukwati. Mu Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, m'kati mwa bokosilo mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Muulutsi anaseka n'kuvomera kuti kwa agogo ake zili chomwecho. "Mukawauze kuti aziyala ikazima, azichotsa ikamaimba. Ine sindidana ndi zoluka." Kapasita wa madigiri 105 akapezeka, tengani ameneyo.

Ndiye pali nkhani ya akuba. Kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo munthu amene walipira minibasi ulendo wonsewo safuna kubwerera chimanjamanja, choncho amagula chimene wapatsidwa. Amisiri anasimba za tsiku limene anagula makapasita awiri okongola kwa wogulitsa wina amene sanamutchule, zilembo zagolide, dzina la kampani yotchuka ya ku Japan. Atawaika, kung'ung'udza kunachepa pang'ono pokha. Anadula mmodzi ndi sowo yomwe ija, ndipo m'chitini chachikulucho anapezamo kapasita wamng'ono wakale, womata ndi guluu, mawaya ake atawotchereredwa ku miyendo ya chitinicho. Mayina ngati Nichicon, Rubycon, Elna ndi Panasonic ndi a makampani enieni opanga zinthu zabwino, n'chifukwa chake akuba amawakonda. Malangizo awo ndi oti munthu anyamule wakale uja popita kukagula, ayese kulemera kwa watsopano m'dzanja, amugwedeze pafupi ndi khutu, ndipo ngati wogulitsa ali ndi mita, amuyeze pomwepo. Koma anawonjeza kuti kuchepa thupi kokha si umboni wa chinyengo. Makapasita a masiku ano ndi aang'ono kuposa a nambala zomwezo a zaka 40 zapitazo, moti nthawi zina pamafunika kuwakulunga ndi mphira kuti chomangira chakale chiwagwire.

Muulutsi anakweza makalata atatu otsala kuti bambowo awaone. Iwo anagwedeza mutu ngati avomera, n'kupitiriza.

Kapasita wa mtundu uwu ali ndi mwendo wa pulasi ndi wa mainasi, ndipo mzere wa m'mbali mwake umaloza ku mainasi. Mu ampulifaya zambiri za nthawi imeneyo makapasita aakulu amakhala awiri, wina wa magetsi a pulasi, wina wa magetsi a mainasi, ndipo wachiwiriyu mwendo wake wa pulasi ndi umene umapita ku dothi. Mnyamata wongozolowera mawailesi aang'ono amaona ngati a fakitale analakwitsa, n'kuwakonzera. Masiku ano aliyense ali ndi foni, ndiye ajambule asanachotse waya ngakhale mmodzi. Kale amisiriwo ankajambula ndi pensulo pa chikatoni. Tsiku lina ali mnyamata, akuphunzira ntchito kwa mkulu wina, anadalira mutu wake. Anatembenuza kapasita, n'kuyatsa, n'kuweramira kuti amve ngati phokoso latha. Kunamveka phuu ngati mfuti, m'shopu monse munadzaza utsi wonunkha ndi tizidutswa ta pepala touluka ngati nthenga za nkhuku, ndipo mayi wogulitsa tomato pakhonde anathawa n'kusiya chitenje. Abwana awo sanawamenye. Anangowapatsa tsache, n'kuwadula malipiro a sabata imeneyo.

Amisiri anakweza dzanja lamanja kuonetsa muulutsi kachipsera pa chala, koma anati kameneko n'ka tsiku lina, ndipo kanawafikitsa pa chenjezo limene amalibwereza sabata iliyonse. Kuzula pulagi sikutanthauza kuti m'kati mulibe moto. Ndowa ija imasunga madzi ake. Kapasita wa 10,000 wodzaza mavolti 50 atha kusungunula nsonga ya sikuludiraiva, ndipo amene amagundanitsa miyendo yake ndi chitsulo kuti amve thwa akuwononga kapasitayo ndi maso awo omwe. Njira yabwino ndi kulumikiza resistor ya ma ohm 1,000, ya mawati 5, pakati pa miyendo iwiriyo kwa mphindi imodzi, kenaka kuyeza ndi mita kuti muone ngati wakhuthukadi. Mawailesi akale kwambiri, a mavavu agalasi otentha aja, ndi nkhani ina: m'kati mwake mumayenda mavolti 250 mpaka 300 ndi kupitirira, okwanira kuimitsa mtima. Amenewo asatsegulidwe ndi wophunzira. Iwo eni akamayeza yoyaka, dzanja limodzi limakhala m'thumba, ndipo saima pa simenti opanda nsapato, makamaka miyezi ya chifunga ino pamene pansi pamakhala chinyontho.

Anadzudzulanso amene amabwereka asidi kwa okhoma zidebe ndi mbaula kuti mtovu ugwire msanga. Mtovu umagwiradi, koma pakatha miyezi ingapo njira za kopa za pa bolodi zimasanduka zobiriwira n'kuduka. Mtovu wa mawailesi uli ndi utomoni wake m'kati. Chitsulo chowotcherera chotenthetsa pa makala sanachinyoze, popeza iwonso anayambira pomwepo ndipo magetsi akazima amabwererako, koma anati chimafuna dzanja lofulumira chifukwa kutentha kwake kulibe muyeso ndipo kumasenda njira za pa bolodi.

Pali chinthu chimodzi chimene amisiri ambiri a m'misika sachidziwa, ndipo m'pake kuti bambowa anachitchula. M'mawailesi ambiri a ku Japan a zaka zimenezo, a fakitale ankamata makapasita ku bolodi ndi guluu wachikasu kuti asagwedezeke. Guluu ameneyu akakalamba amada, amauma ngati chikhakha, ndipo amayamba kudya miyendo ya tizipangizo toyandikana naye. Wosadziwa amaganiza kuti kapasita wataya mankhwala. Wina amasintha kapasita n'kusiya guluu pomwepo akupitiriza kudya. Ayenera kupalidwa yense, ndipo miyendo imene waikhudza iyang'anidwe umodziumodzi.

Kodi ndiye asinthe makapasita onse a m'gumbagumbamo, aang'ono ndi aakulu omwe? Pamenepa amisiri amasiyana ndi anzawo ena, amene amati chinthu cha zaka 40 n'chofunika kuchotsa onse nthawi imodzi. Mfundo ya anzawowo ili ndi mutu, chifukwa aang'ono nawonso amauma, makamaka oyandikana ndi zitsulo zotentha. Koma bambowa amaona ndi thumba la mphunzitsi wa ku Bembeke, ndiponso anaonapo mawailesi ambiri amene anabwera akudwala matenda amodzi n'kuchoka kwa wokonza ali ndi asanu. Njira yawo ndi kuyamba ndi gawo la magetsi: aakulu awiri, aang'ono a pafupi nawo, kuyeza madayodi, kuika fyuzi yoyenera, kuyatsa kudzera m'babu, kumvera. Kenaka kupita gawo lina, kusintha pang'ono, kuyesanso. Chikalakwika mumadziwa pamene dzanja lanu linali komaliza. Poyesa koyamba asalumikize masipika a malemu aja, alumikize sipika yachabechabe, chifukwa ampulifaya yodwala imatha kutumiza magetsi osayenera n'kuotcha sipika m'kanthawi kochepa.

Atatchula masipika a malemu, nkhani inakhotera kumene imakhotera nthawi zonse. Anati achinyamata sadziwa chimene gumbagumba inali. Munthu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, zaka ziwiri pansi pa nthaka, ndipo pobwera chimene mudzi unkayang'ana ndi sutikesi, njinga, ndi bokosi loimba. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, imene kuno timati Theba, mpaka 1988. Gumbagumba ya nkhope yasiliva ngati ya aphunzitsiyi mwina inabwera m'zaka za Thebazo. Asanafike magumbagumba amenewo kunali wailesi ya Saucepan, yooneka ngati sefuliya, imene kampani ya Ever Ready inayamba kugulitsa mu 1949 kuti anthu azimvera siteshoni ya ku Lusaka, yomwe inkaulutsanso m'Chinyanja. Kunabwera wailesi za Supersonic zopangidwa ku Bulawayo, zimene matchona a ku Rhodesia ankabwera nazo, kunabweranso za Nzeru zolumikizidwa ku Blantyre m'dziko muno, zimene zinalowetsa MBC m'nyumba zambiri za kumudzi. Zonsezo, anati, zinapangidwa kuti munthu azitsegula ndi sikuludiraiva n'kukonza. Ma subwoofer a masiku ano ali ndi nyali zamitundumitundu, koma mukatsegula mumapeza kabolodi kakang'ono ngati bisiketi, ndipo kakapsa mwini wake amangogula ina. Apa mwina anawonjeza mchere, chifukwa ena mwa ma subwoofer amenewa amakonzeka ndithu, ndipo kawirikawiri chimene chimafa m'menemo ndi makapasita omwewa. Koma palibe amene anawatsutsa.

Anakumbutsanso za kuzimazima kwa magetsi. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo miyezi yotsatira pa tebulo lawo panadzaza mawailesi ndi ma TV. Chimene chimapha zipangizo, anati, ndi mphindi imene magetsi akubwerera. Akazima, zimitsani pakhoma, ndipo akabwera dikirani pang'ono musanayatse. Mabingu akayamba mu Novembala, pulagi izulidwe.

"Bambo, nthawi," anatero muulutsi, tsopano mosabisa.

Makalata awiri anayankhidwa mothamanga. Mtsikana wa ku Lobi amene achimwene ake anamutumizira ampulifaya yakale kuchokera ku America anauzidwa kuti asaibaye kukhoma asanayang'ane kumbuyo: ya kumeneko ndi ya mavolti 120, ndipo ngati ilibe kosinthira kofika 220 kapena 240, ifunika thiransifoma yotsitsa magetsi. Bambo wa ku Chimbiya wofunsa ngati angachotse makapasita mu TV yakufa n'kuika mu wailesi anauzidwa kuti zimatheka pa tsiku la mavuto, atawayeza, koma adziwe kuti akusinthanitsa nkhalamba ndi nkhalamba inzake. Kalata yachisanu ndi chiwiri, yochokera kutsidya kwa malire ku Angonia, inasungidwira sabata ya mawa.

Nyimbo yotsekera itayamba kale kumveka pansipansi, amisiri anaweramiranso ku maikolofoni. Anauza aphunzitsi a ku Bembeke kuti aikulunge gumbagumbayo m'bulangete, aikweze minibasi ataiika pamiyendo osati kumbuyo ndi matumba a mbatata, masipika awasiye kunyumba, ndipo fyuzi yakupsa ija abwere nayo kuti awerenge nambala yake. Mwana wa aneba uja abwerenso naye, ngati makolo ake alola, adzaone mmene babu limagwirira ntchito. Kenaka anatolera mitembo yawo inayi n'kuibweza m'kajumbo, pamodzi ndi pepala louma lija limene linali litamwazika pa tebulo lonse.